Machumuni a Ana a Binzi

Ndimadzuka tambala wachiwiri asanalire,
osati kukapemphera ayi,
kukayang'ana utsi.

Kuseri kwa msika wa Ulongwe kuli machumuni awiri a njerwa.
Eni ake ndi Jerivaziyo ndi Kandidu,
ana a malemu Binzi, wophika buledi uja.
Bambo atatsikira kuli chete uvuni unali umodzi, ana awiri.
Anakangana za ufa, za ngongole ya nkhuni,
za amene analipira bokosi.
Kandidu anawerenga mapazi khumi ndi awiri kuloza kumpoto
nakumba maziko ake.
Chaka chachisanu ndi chimodzi chino osapatsana moni.

Ine ndimachapa nsalu za pabedi
za ku nyumba ya alendo ya Dona Ifijeniya,
makumi atatu pa tsiku, zoyera mbee.
Imodzi ikada, amandidula metikali makumi awiri.
Chingwe changa chili pakona pomwe mphepo zonse zimadutsira,
ndiye utsi ndauphunzira ngati katekisimu.

Umatuluka chilili, wotentha, wodzikuza,
mphepo n'kuugwira pakhosi, n'kuuweramitsa.
Ukapenyetsetsa uona kuti suyenda chisawawa:
umadzikulunga kuchokera mbali zonse ziwiri
monga mphasa yopindidwa ndi anthu awiri
okumana pakati.

Mwera ukamawomba, machumuni amakhala pamzere,
wina kumbuyo kwa mnzake.
Utsi wa Jerivaziyo umafika pamwamba pa chumuni cha mng'ono wake
utawerama kale, utayamba kuzizira.
Wa Kandidu umaulowa kunsi, kumimba,
n'kuubereka.
Pamenepo sungasiyanitsenso wa bulugamu ndi wa msuku.
Umakwera umodzi, wonenepa,
kupitirira mtanda wa tchalitchi, kupitirira mlongoti wa foni,
mpaka phiri la Domwe kubisika pang'ono kuseri kwake.
Tsiku lotero ndimayanika zonse, ndi malaya anga omwe.

Koma vuma akabwera chopingasa
amawapeza ataima phewa ndi phewa.
Uwu njira yake, uwo njira yake,
mapewa a m'kati akukhulana, akukankhana,
aliyense kupondereza mnzake kuti asadzuke.
Amadzakumana ndithu, koma kutali uko, atazirala,
mphamvu yokwerera itathera m'njira.
Mwaye umagwa ngati nsabwe.
Ndimanyamula beseni kubwerera nalo m'nyumba,
nsalu n'kugona zonyowa, kununkha chinyontho.

Lamulungu Kandidu sasonkha moto.
Utsi wa mkulu wake umayenda wokhawokha,
woonda, wokwawa,
kukhudza mawaya a magetsi ngati woledzera wofuna pogwira.

Tsiku lina ndikugula buledi ndinamuuza Jerivaziyo,
ndati, achimwene, mudayang'anapo kumwamba mwera ukuwomba?
Anapukuta manja pa thumba la ufa lomwe amamanga m'chiuno.
Ati, utsi sunalipire bokosi, mayi.
Anandipatsa chenje chosakwana.
Sindinabwerere kukafunsa.

Mwina sindiye woti ndilankhule.
Mchemwali wanga ali ku Moatize, kumalasha,
zaka zitatu foni yake ndili nayo, sindiimba.
Nkhani yake ndi ya makina osokera
omwe pano anachita dzimbiri.

Lero kwazizira, Juni uyu.
Zala zauma, sopo sakuchita thovu.
Ndanyowetsa chala ndi malovu, ndachikweza:
mwera.
Uko machumuni ayamba kutsokomola,
woyamba wakuda bii, wa makatoni ndi nkhuni zaziwisi,
kenaka woyera.
Wawerama. Wafika. Wanyamulidwa.

Pansi pake amuna awiri atulutsa mathireyi,
aliyense pakhomo pake, msana kulozetsa kwa mnzake,
maso pa ndalama zachitsulo.
Ine zopanira zili m'kamwa,
nsalu yoyamba ndaiponya kale pachingwe.